Mario wabwerera ku Lizulu, koma ndi walendi

Ife amene tidakulira pa Lizulu m'zaka za m'ma 1990 tidadziwa Mario tisanaonepo nkhope ya wowerenga nkhani pakanema. Wailesi yakanema ya dziko lino, imene nthawi imeneyo inkatchedwa TVM, idayamba kuulutsa mu 1999, koma masikirini adali atafika kale, aja achimimba kumbuyo, oyendera batire ya galimoto. Eni ake ankaonetserapo mafilimu a karate ndi ankhondo, ndipo masiku ena ankalumikizapo kabokosi kapulasitiki kokhala ndi mapadi awiri ndi kamfuti. Tinkangoti TV gemu. Kaseti yake idali yachikasu, pamwamba atalembapo ma 9 ondondozana kuti uziti mkatimo muli magemu mamiliyoni. Ukayatsa, enieni adali owerengeka. Ena onsewo adali omwewo, angowasintha dzina kapena kuwayambitsira pakati.

Ntchito yanga ndi yokonza ndi kutchaja mafoni pamsika pano, m'mbali mwa msewu wa M1, pamene ukaoloka phula wafika kale ku Mozambique. Mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Joni atabwera kutchuthi cha Khirisimasi, adandibweretsera kamakina koti ndimutchajire. Kadali kotambalala, kali ndi sikirini yakeyake pakati, mapadi ake omatirira m'mbali. Dzina lake Nintendo Switch. Atakayatsa adandipatsira.

"Alamu, mkulu uyu mukumukumbukira?"

Kanyimbo kadandiuza maso asanaone bwino. Adali Mario yemwe uja, wachipewa chofiira ndi ndevu zapamlomo, akudumpha mapaipi obiriwira. Ndidafunsa kumene adaika kaseti. Iye adaseka n'kunena kuti kaseti palibe, ndipo gemuyo si yake. Amalipira pachaka, akasiya kulipira Mario amatsekeredwa.

Nkhani ya magemu alendi imeneyi ndi imene ndikufuna tikambirane, chifukwa makina otere ayamba kulowa m'dziko muno m'zikwama za abale ochokera ku Joni, ndipo ambiri amadabwa akaona kuti zimene zimaseweredwa pa Khirisimasi zasiya kutseguka pofika Febuluwale.

Tiyambe ndi TV gemu yathu ija. Kampani ya Nintendo ndi ya mumzinda wa Kyoto ku Japan, ndipo idayamba mu 1889 ndi malonda a makhadi osewerera. Mu 1983 idatulutsa makina otchedwa Famicom, amene mu 1985 adakalowa ku America ndi dzina loti NES. Chaka chomwecho cha 1985 kudatuluka Super Mario Bros., gemu imene adaikonza a Shigeru Miyamoto ndi anzawo, ndipo kanyimbo kosachoka m'mutu kaja adapeka ndi a Koji Kondo. Makinawa atatchuka, mafakitale a ku Taiwan ndi ku China adayamba kupanga ofanizira, otchipa, opanda chilolezo. Ku Russia ankawagula ndi dzina loti Dendy kuyambira 1992, ku South Africa ambiri amakumbukira Golden China, kwina Terminator. Amene adafika kwathu kuno adali a mtundu umenewu. Kunena mosapsatira, Nintendo yeniyeni sitidaionepo, ndipo pa makobiri onse amene tinkapereka pakhomo kuti tigwireko padi, palibe ngakhale tambala imene idafika ku Kyoto. Patha zaka 40 chitulukireni Mario uja, ndipo tsopano mwini wake weniweni wapeza njira yotilipiritsa.

Momwe lendiyo amayendera

Switch idatuluka mu Malichi 2017. Mu Seputembala 2018 kampaniyo idayambitsa dongosolo lolipira lotchedwa Nintendo Switch Online, ndipo aliyense wolowa adapatsidwa magemu 20 akale a NES. Pamndandanda woyambawo padali Super Mario Bros., Donkey Kong, Ice Climber, Excitebike, Double Dragon, Tennis ndi Soccer, mayina amene aliyense wa TV gemu angawazindikire. Chaka chotsatira adaonjezera magemu a Super Nintendo. Mu Okutobala 2021 adatsegula gulu lachiwiri, lokwera mtengo, lokhala ndi magemu a Nintendo 64 ndi a Sega, kumene kuli Sonic ndi Streets of Rage 2. Mu Febuluwale 2023 kudabwera a Game Boy, ndipo pamene Switch 2 imatuluka mu Juni 2025 adaikamonso a GameCube, ngakhale amenewa amaseweredwa pamakina atsopanowo pokha.

Anthu akabwera kushopu amandifunsa kuti gemu ya 1985 ingaseweredwe bwanji pamakina a masiku ano, pamene foni ya chaka chatha chomwechi imakana mapulogalamu ena. Yankho lake ndi lakuti mkati mwa Switch muli pulogalamu yonamizira kukhala makina akale aja. Gemu ikapempha chinthu chimene inkapempha kwa Famicom, pulogalamuyo imayankha momwe Famicom ikadayankhira, ndipo gemuyo sidziwa n'komwe kuti yasamuka. Odziwa makompyuta amaitcha emulator. Ntchitoyi si yolemetsa, chifukwa magemu a nthawi imeneyo adali ang'onoang'ono zedi. Super Mario Bros. yonse, ndi nyimbo zake, mitambo yake, akamba ake ndi nyumba zamfumu zonse zija, ndi makilobaiti 40 okha. Chithunzi chimodzi cha paukwati chimene mumatumizirana pa WhatsApp nthawi zambiri chimaposa pamenepo.

Ichi ndi chinthu choyamba chokomera ife akumudzi. Magemu a NES amalowa onse m'makina kamodzi, ndipo ukamasewera sadya bandulo. Chachiwiri ndi batire. Switch yotuluka kuyambira 2019 imakhala maola pakati pa 4 ndi theka ndi 9 isanathe moto, ndipo imatchajidwa ndi chingwe cha mtundu womwe uja wa mafoni atsopano. Magetsi akazima, monga amachitira kuno, gemu imapitirira.

Koma pali chingwe china chosaoneka. Makinawo amafuna kulumikizana ndi intaneti kamodzi pa masiku 7 alionse kuti atsimikize kuti lendi adakalipo. Akadutsa masiku amenewa osalumikizana, magemu aja amakana kutseguka ngakhale uli utalipira chaka chonse. Pamsika pano si vuto lalikulu, umangogawira netiweki kuchokera pafoni. Mlamu wanga atapita ndi makinawo kumudzi kwa agogo ake a ana, kutsidya kumapiri kumene foni umaimbira utakwera pachulu, ana adasewera sabata imodzi basi, kenako zii.

Mario wothamanga

Nditagwira padi, chinthu choyamba kundidabwitsa chidali liwiro. Mario uyu amathamanga kuposa amene ndidamusiya, ndipo kanyimbo kake kamafulumira. Zala zanga, zimene zidaloweza malo onse odumphira, zinkachedwa pang'ono, ndipo ndinkagwera m'maenje amene ndili mwana ndinkawadumpha ndikucheza. Mlamu wanga ankati ndi ukalamba. Ukalambawo ulipo ndithu, koma chifukwa chenicheni chili m'masikirini. Makanema a ku Japan ndi ku America ankasintha chithunzi ka 60 pa sekondi, pamene a kuno ndi a ku Ulaya ankasintha ka 50. Opanga TV gemu zofanizira zija adangochepetsa liwiro la makina kuti agwirizane ndi masikirini athu, motero gemu yonse inkayenda mochedwerako, pafupifupi ndi gawo limodzi mwa magawo 6. Mario amene tidakula naye adali wofatsa, ndipo amene ali pa Switch ndiye akuyenda momwe a Miyamoto adamukonzera.

Palinso zinthu ziwiri zimene adaonjezera. Ungathe kuimitsa gemu pena paliponse, kusunga, n'kudzapitiriza mawa. Ndiponso kuyambira 2019 ungathe kubweza nthawi: ukagwera m'dzenje umagwira mabatani awiri a ZL ndi ZR, n'kubwerera pamene udali usanadumphe. Ana amaikonda kwambiri njira imeneyi, ine sindigwirizana nayo. Kale padi inkayenda mwa lamulo limodzi, loti ukafa upereke kwa wotsatira. Miyoyo idali itatu, ndipo kumbuyo kwako kudali anyamata odikira, ena akukupempherera kuti ufe msanga. Mantha amenewo ndiwo ankakometsa gemu. Mwana wa mchemwali wanga adamaliza Super Mario Bros. tsiku limodzi pobwezabweza nthawi, kenako adati, "Amalume, gemu yanu ija ndi yophweka." Ndidamuuza kuti ayambirenso osakhudza mabatani aja. Pa siteji yachitatu adandibwezera padi.

Zimene mulibe

Amene akuyembekezera kupeza TV gemu yake yonse akhumudwa. Nditayang'ana pamndandanda wa mlamu wanga, Contra uja wa asilikali awiri osavala malaya sadalipo. Imeneyi ndiyo idali gemu ya anthu awiri yokondedwa koposa, ndipo aliyense ankadziwa chinsinsi chake: m'mwamba kawiri, pansi kawiri, kumanzere, kumanja, kumanzere, kumanja, B, A, basi wapeza miyoyo 30. Mwini wake wa Contra si Nintendo, ndi kampani ina ya ku Japan yotchedwa Konami, ndipo mu 2019 idasonkhanitsa magemu a Contra m'phukusi lakelake logulitsa padera. Amene ali m'lendi ndi mng'ono wake wa pa Sega, Contra: Hard Corps wa 1994, ndipo ali m'gulu lokwera mtengo lija. Kaseti yachikasu sinkafunsa za mwini. Inkangotola Mario wa Nintendo, Contra wa Konami ndi akasinja a Namco n'kuwaunjika pamodzi. Wochita zinthu mwalamulo sangatero, ayenera kukambirana ndi mwini aliyense.

Abakha aja a Duck Hunt ndi galu wawo woseka nawonso kulibe. Kamfuti ka Duck Hunt sikankatulutsa kanthu, kadali ndi diso loona kuwala. Ukakoka, sikirini inkada kwa kamphindi kosaoneka bwino ndi maso, ndiyeno pamalo pa bakha pamabwera kabokosi koyera. Diso lija likaona kuyerako, ndiye kuti walasa. Masikirini athyathyathya a masiku ano amachedwetsa chithunzi pang'ono, ndipo kuchedwa kumeneko kumasokoneza zonse. Amene akufuna kuwomberanso abakha afunefune sikirini yachimimba.

Ndipo zimene zilipo lero si kuti zidzakhalapo mpaka kalekale. Mu Malichi 2025 gemu ya mpira yotchedwa Super Soccer idachotsedwa pamndandanda wa Super Nintendo. Olipira adangouzidwa tsiku lake, ndipo lendi sadatsike.

Alimi a mbatatesi kuno amaidziwa bwino nkhani yotereyi. Ambiri amene amadzaza malole opita ku Lilongwe ndi ku Blantyre amalima m'madimba alendi. Dimba lalendi limabereka bwino lomwe, mwinanso kuposa lako, koma subzalamo mtengo, ndipo mwini akati chaka chino ndilima ndekha, umanyamula khasu lako. Ana ako sangalitchule kuti ndi la bambo awo.

Makampaniwa sadayambe ndi lendi. Mu 2006, pamakina otchedwa Wii, Nintendo inkagulitsa magemu akale imodziimodzi, ya NES pa madola 5, ndipo ukagula inkakhala m'makina ako. Sitolo ya pa intaneti ya Wii idatsekedwa mu Januwale 2019, ya Wii U ndi 3DS mu Malichi 2023. Pa Switch magemu ambiri akale a Nintendo adawaika m'lendi. Chifukwa chake n'chosabisika: wogula amalipira kamodzi, walendi amalipira chaka ndi chaka. Ndipo asadandaule ndi nthawi, chifukwa malamulo a ku America amateteza ntchito ya kampani kwa zaka 95, kutanthauza kuti Mario wa 1985 adzakhala ali m'manja mwawo mpaka 2080.

Bungwe lina la ku America loona za mbiri ya magemu, Video Game History Foundation, lidatulutsa kafukufuku mu Julaye 2023 wosonyeza kuti mwa magemu 100 alionse amene adatuluka m'dzikomo chisanafike chaka cha 2010, okwana 87 sakupezekanso pamsika. Ndiye kuti zimene zili m'lendi ndi kachigawo kochepa, kosankhidwa ndi eni malonda. Zotsalazo zikusungidwa ndi anthu wamba amene sadataye makaseti awo, ndiponso, ngakhale makampani sakonda kumva zimenezi, ndi okopera mozemba.

Ndalama zake, ndi dziko losapezeka pamndandanda

Mtengo wa ku America wa gulu loyamba la Nintendo Switch Online ndi $19.99 pachaka, ndipo gulu lokwera lija ndi $49.99. Pamtengo wa kubanki wa mu 2025, pafupifupi K1,750 pa dola, ndi ndalama zokwana ngati K35,000 ndi K87,500. Koma aliyense amene wafunapo dola m'zaka zapitazi akudziwa kuti mtengo wa kubanki ndi wowerenga m'nyuzipepala. Kwacha idagwa ndi K25 pa K100 iliyonse mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi K44 pa K100 iliyonse mu Novembala 2023, ndipo ndalama zakunja zakhala zikusowa. Lendi ameneyu salipiridwa mwachindunji ndi ndalama za pafoni zimene timagulira nazo mayunitsi ndi kutumizira makolo kumudzi. Amafuna khadi la kubanki lololedwa kugula kunja, kapena nambala ya vocha yogulidwa m'dziko limene akaunti yako idalembetsedwa.

Apa ndi pamene pali mfundo. Sitolo za pa intaneti za makampaniwa zimatumikira maiko osankhidwa, ndipo loyandikana nafe pamndandandawo ndi South Africa. N'chifukwa chake amene ndawaona ali ndi makinawa akaunti zawo zimati amakhala ku Johannesburg kapena ku Cape Town, ndipo lendi amalipira ndi m'bale wa kumeneko m'marandi. M'bale uja ntchito ikamuthera, kapena mukayambana pa nkhani ya maliro, Mario amatsekedwa ku Lizulu.

Njira imodzi yochepetsera mtengo ilipo, ndipo ndi yovomerezeka. Pali lendi wa banja, $34.99 pachaka, wolola maakaunti 8. Mukagawana, aliyense amapereka madola osakwana 5 pachaka. Mlamu wanga ali m'gulu lotere ndi anzake ogwira nawo ntchito, ndipo amasonkherana kumapeto kwa chaka.

Amakina ena nawonso ali ndi lendi wawo. Sony idakonzanso dongosolo lake la PlayStation Plus mu Juni 2022 n'kuligawa patatu, ndipo magemu akale monga Tekken 2 idawaika m'gulu lapamwamba kwambiri, limene ku America lidafika $159.99 pachaka mu 2023, pomwe ku South Africa gulu lofanana nalo limatchedwa Deluxe. Anyamata amene adakulira m'mababashopu ndi m'mavidiyo shoo akusewera Winning Eleven pa PlayStation 2 asayembekezere zambiri, chifukwa magemu ampira kawirikawiri sabwereranso. Chilolezo chogwiritsa ntchito mayina a osewera ndi matimu chimagulidwa kwa nyengo yochepa, chikatha gemuyo singagulitsidwenso. A Xbox mu Meyi 2025 adaika magemu akale oposa 50 a kampani ya Activision, kuphatikizapo Pitfall, m'dongosolo lawo la Game Pass, koma awa salowa m'makina ako. Amaseweredwa pakompyuta ya kutali, iwe n'kumangolandira zithunzi pa intaneti. Tangoganizani, gemu yochepa kuposa chithunzi chimodzi, koma kuti uisewere bandulo ikhale ikutha mphindi iliyonse. Kwa munthu wa ku Ntcheu imeneyi ndi njira yongowonongera ndalama, ndipo netiweki ikagwedezeka pang'ono udumpha mochedwa.

Nanga ana a pamsika pano akusewera chiyani? Sakudikira lendi wa munthu. Amabwera kushopu ndi mafoni a Android, ambiri osweka sikirini, ali ndi pulogalamu ya PPSSPP imene imanamizira kukhala makina a PSP, ndipo mpira amagawana foni ndi foni popanda bandulo. M'mashopu a m'tauni mukupezekanso timitengo tolowetsa kumbuyo kwa sikirini, todzaza ndi magemu akale zikwizikwi, zidzukulu zenizeni za kaseti yachikasu ija, ndi bodza lake la manambala lomwe lija. Sindingauze munthu kuti zimenezi n'zololedwa, chifukwa si zololedwa, ndipo ife amene timadandaula oimba athu akamaberedwa nyimbo m'malo obenera sitingasinthe lilime nkhani ikakhala ya Mjapani. Komanso sindingabise kuti kampani imene sidatsegule khomo loti Mmalawi alipirirepo mwachindunji, ndi kwacha yake, yadzichotsera yokha makasitomala.

Chimene lendi amapambana nacho timitengo tija ndi ukhondo wa ntchito. Magemu amatseguka onse, mitundu yake ndi yolondola, padi imamvera chala nthawi yomweyo, ndipo palibe gemu yolembedwa dzina lina mkati muli ina. Mwana wanga wamkazi ndi ine timasewera Ice Climber, iye padi imodzi ine inzake, ndipo amandisiya pansi dala kuti ndife. Gemu imene bambo ndi mwana angayambe limodzi popanda wina kuphunzitsa mnzake kwa ola lathunthu ndi yosowa pakati pa zatsopanozi. Mabatani ndi awiri basi, wodumphira ndi womenyera.

Makinawo pawokha ndi okwera mtengo. Switch idayamba kugulitsidwa pa $299.99, ndipo Switch 2 pa $449.99, musanawerengere msonkho ndi mayendedwe. Kugula makina otere chifukwa chongofuna Mario wa 1985 ndi kutaya ndalama ya feteleza. Koma ngati m'bale wakubweretserani kale, mufunseni zinthu zitatu asanakwere basi yobwerera: akauntiyo ili m'dzina la ndani, lendi adzatha mwezi uti, ndipo adzalipira ndani. Lowani m'gulu la banja, ndipo gulu lotchipa lija ndi lokwanira kwa amene akufuna magemu a TV gemu. Musaiwale kuwalumikiza makinawo ku intaneti sabata iliyonse.

Ndipo inu amene TV gemu yakale ikadali m'sutikesi kapena kudenga, musaitaye, ngakhale makoswe adadya chingwe. Nthawi zambiri chimene chidafa ndi adaputala kapena waya wa padi, zinthu zimene wokonza mawailesi aliyense pa Lizulu, pa Mlangeni kapena pa Tsangano angazilumikize ndi chitsulo chowotcherera. Pukutani mano a kaseti ndi kansalu konyowetsa ndi sipiriti, osati kupemerera ndi pakamwa monga tinkachitira, chifukwa chinyezi cha mpweya chimadyetsa dzimbiri. Ikayaka, muli ndi Contra ndi abakha omwe, ndipo simudzalipira munthu chaka chamawa.